Mabuku Owamba a ku Makanjira

Abwana anga oyamba ankagwira ntchito ndi mphuno. Munthu ukabweza buku ku laibulale yathu ya pa boma la Mangochi, iwo sankathamangira chidindo ayi. Ankayamba alitsegula pakati bukulo, kulifikitsa kumaso, n'kukoka mpweya. Akamva kafungo ka usipa, wobwerekayo ankaima pomwepo kulandira mawu, kaya ndi mphunzitsi wamkulu kaya ndi wapolisi. Pakhomo pankakhala beseni la madzi ndi kachidutswa ka sopo komangirira chingwe, ndipo aliyense ankasamba m'manja asanalowe. Abwanawo ankati m'tauni ya nsomba mdani wa buku si chiswe koma ndiwo.

Ine ndinalowa ntchito pamenepo nditangomaliza folomu folo, m'zaka zomwe nkhondo ya ku Mozambique inafika povuta, anthu akukhamukira kuno ndi mitolo pamutu. Ndinali mtsikana wa pakamwa. Mayi anga ankati lilime langa limadzuka ine ndikali mtulo. Kugwira ntchito pamalo oti anthu azikhala chete kunali kundilanga, koma ntchito inali yosowa, ndiye ndinailandira ndi manja awiri.

Laibulaleyo inayamba ngati kabati imodzi m'khonde la ofesi ina, makiyi ake ali m'thumba la kalaliki yemwe sankapezekapezeka. Kenako anaipatsa chipinda chomwe kale ankasungiramo mpunga, ndipo abwana anga ndiwo anasamutsa mabuku onse pa wilibala. Ankaikonda ngati mwana wobereka okha. Panali nkhani imodzi yokha yomwe sankaikamba, ine ndinachita kumva kwa amayi omwe ankatisesera. Chaka china mvula inaboola denga n'kunyowetsa shelefu yonse ya mabuku a ana. Abwana anawayala pansi kudikira dzuwa, dzuwalo osatuluka. Mabuku anachita chuku, masamba n'kumatana, mpaka onse anawola. Sanalole kuti awotchedwe kapena apite kumsika akakulungire zitumbuwa. Anakumba dzenje kuseri n'kuwakwirira okha.

Pamene ine ndinkafika, denga linali litakonzedwa ndipo malowo ankadzaza. M'mawa kunkabwera azibambo opuma ntchito kudzalimbirana nyuzipepala zomwe tinkazipanira pandodo. Masana kunkabwera ana a sukulu okonzekera mayeso, theka kudzawerenga, theka kudzaonana. Loweruka tinkayala mphasa ya ana ang'onoang'ono. Ena ankabwera ndi kalata yochokera kwa mwana wawo wa ku Joni kuti tiwawerengere, ngakhale sizinalembedwe paliponse kuti imeneyo ndi ntchito yathu. Ndiye panali mabokosi atatu achitsulo. Lililonse tinkaikamo mabuku makumi anayi n'kulitumiza kutali kwa miyezi itatu: lina ku Namwera, lina ku Nkopola, lina ku Makanjira. La ku Makanjira linali litasiya kuyenda chifukwa mphunzitsi yemwe ankalisunga anasamutsidwa. Linkangokhala pakona, ndipo ine ndinalisandutsa mpando wanga.

Tsiku lina mwezi wa Okutobala, kukutentha koti ngakhale akhwangwala anali yasa kukamwa, pakhomo panaima mayi wina wamtali, atafunda mpango. Anasamba m'manja popanda womuuza, n'kuvulanso nsapato ngati akulowa mumzikiti. Anandipatsa moni m'Chiyao, ine n'kuyankha, kenako anapita molunjika pa buku lalikulu la mapu. Anakhala nalo mpaka nthawi yotseka. Mawa lake anabweranso, mkuja wakenso. Ine ndi pakamwa panga sindikanatha kupirira, ndinamufunsa zonse. Anali wothawa nkhondo, ankakhala ku Makanjira, ndipo pa boma anabwera kudzadwazika apongozi ake kuchipatala. Kwawo anali mphunzitsi. Chipwitikizi ankawerenga ngati madzi, Chichewa ankachiphunzira yekha pa zikwangwani ndi mapepala otola. Pothawa sanatenge buku ngakhale limodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatchula kuti aphunzitsi.

Tsiku lachitatulo anapempha khadi lobwerekera mabuku. Fomu yathu inkafuna dzina, keyala, ntchito, ndi siginecha ya abwana a kuntchito kwako kapena ya mphunzitsi wamkulu. Aphunzitsi anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa pepala lokhalo lomwe anali nalo, khadi lolandirira ufa ndi nandolo. Abwana analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Amayi, ili ndi khadi la chakudya," anatero mofatsa. "Kuwerenga muno werengani mpaka titseke, palibe akuletseni. Koma kuti mutuluke ndi buku, lamulo silindilola."

Aphunzitsi anathokoza, kubweza khadi lawo pamfundo, n'kutuluka kukavala nsapato. Ine mtima unandipsa. Ndinadzuka pabokosi paja n'kulimenya ndi chikhatho mpaka azibambo a nyuzipepala anadzidzimuka.

"Bwana, bokosi ili ndalikhalira chaka chathunthu. Lamulo la bokosi likuti chiyani?"

"Achemwali, muno sitikuwa."

"Sindikukuwa, ndikufunsa. Likuti wosunga bokosi akhale ndi khadi?"

Anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala la malamulo, ngakhale ankalidziwa pamtima. Linkangoti wosunga bokosi akhale munthu wodziwa kuwerenga ndiponso wodalirika. Za khadi panalibe.

"Kudalirika kwawo inu mwakuonera pati? Mwawadziwa dzana."

"Asamba m'manja musanawauze. Aphunzitsi aakulu angati amene munachita kuwabweza pakhomo?"

Bambo wina anaseka kuseri kwa nyuzipepala. Abwana analoza bokosi lija ndi cholembera.

"Chabwino, alitenge. Koma mumve bwino nonse awiri. Buku limodzi lokha likabwera litawonongeka, bokosi la ku Makanjira latha. Ndipo inu achemwali mudzalikhalira mpaka tsiku la ukwati wanu."

Bokosi linapita pa lole, aphunzitsi atalikumbatira. Ulendo woyamba linabwerako bwinobwino, wachiwirinso chimodzimodzi. Mabuku ankafika atakulungidwa m'chitenje, ndipo abwana ankawanunkhiza limodzilimodzi osapeza chonena. M'bokosimo munkakhalanso kope lomwe aphunzitsi ankalembamo m'Chichewa chawo chosakaniza. Mmenemo ndinadziwira kuti m'mawa ankaphunzitsa ana pachisakasa china pafupi ndi doko, ana a othawa nkhondo pamodzi ndi ana a asodzi, ndipo masana ankawerengera amayi owamba nsomba buku la kaweta nkhuku ndi la kasamalidwe ka makanda. Buku la mapu lokha ndilo silinkabwerera pashelefu. Nthawi zonse ankalemba kuti akulipemphanso, ndipo abwana ankang'ung'udza koma ankadinda. Ine ndinkayenda mapewa m'mwamba ngati ndine ndinalemba mabukuwo.

Patatha chaka, ulendo wina unagwa m'Januwale. Msewu wa ku Makanjira unali utaduka pamitsinje, choncho bokosi tinalikweza m'boti. Miyezi itatu inakwana, bokosi osabwera. M'malo mwake woyendetsa lole wina anandipatsira kakalata kopinda kanayi. Munali mawu ochepa: achemwali bwerani nokha, abwana musawauze kaye. Ndinadziwa kuti zinthu zavuta. Kwa abwana ndinati ndikukaona mmene bokosi likugwirira ntchito, zomwe sizinali bodza kwenikweni.

Ndinayenda tsiku lathunthu pamwamba pa matumba a mchere, lole ikutitimira m'matope, ife kutsika, kukankha, kukweranso. Ndinafika thupi lonse likuwawa. Aphunzitsi anandilandira pachisakasa paja, ana ali mbuu kundiyang'ana. Atatha moni anakoka bokosi n'kulitsegula. Ndisanaone kanthu, mphuno zinali zitandiuza kale. Munatuluka fungo la kampango wowamba, lamphamvu loti munthu n'kumeza malovu. Mabuku onse makumi anayi anali momwemo, atasanjidwa bwino, koma masamba ake ali ofiirira ngati tiyi, atatupa, m'mbali mwake muli mizere ya waya.

"Aphunzitsi, mwawatani mabuku?"

"Tinawawamba, achemwali."

Ndinaganiza kuti Chichewa chawaphonya. Sichinawaphonye. Anandifotokozera kuti tsiku lomwe boti linafika, nyanja inali yoipa. Potsitsa katundu, funde linagwetsa munthu yemwe anasenza bokosi, ndipo pomalivuula linali litamwa madzi. Kunali mvumbi, sabata yathunthu dzuwa osaoneka. Anayala mabukuwo m'nyumba, koma tsiku lachitatu anaona chuku chayamba m'makona. Apo ndiye amayi owamba nsomba aja anawapeza atakhala pansi manja ali m'masaya.

Tikukamba choncho amayiwo anali atafika kale, kuti nkhani yawo isakambidwe ndi wina. Wamkulu wawo, mayi wonenepa wa maso ofiira ndi utsi, anandigwira pamkono.

"Mwanangu, chinthu chikanyowa dzuwa kulibe, chimafuna utsi. Ine chiyambire ntchito imeneyi nsomba yanga sinavundepo. Ndiye ndikanaona mabuku a aphunzitsi akuvunda ine ndilipo?"

Ananditengera kuuvuni wowambira nsomba kukandionetsa. Waya anayamba amukwecha ndi mchenga, ati kuti mabuku asade. Buku lililonse analipasula pakati monga apasulira chambo, n'kuligoneka chafufumimba. Masamba omatana ankawalekanitsa ndi kaudzu, limodzilimodzi, n'kusiya kaudzuko pakati kuti utsi uzidutsa. Moto unali wa zitsononkho ndi nkhuni zaziwisi, wopanda lawi. Anagawana kuti wina aziyang'anira moto, wina azitembenuza, wina azitsegula masamba atsopano. Anachita zimenezi masiku atatu, nsomba zawo zikudikira. Mwa amayi onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuwerenga.

"Silinapse ngakhale limodzi," anatero mayi uja akudziguguda pachifuwa. "Ukawauze abwana akowo."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi pamchenga. Amayi aja anaseka nane, poganiza kuti ndikukondwera ndi ntchito yawo. Koma chiseko chitatha ndinaona m'maganizo nkhope ya abwana, ndinaona mphuno ija. Munthu wodzudzula mphunzitsi wamkulu chifukwa cha chala chimodzi cha usipa akanati chiyani ndi mabuku makumi anayi ogona pauvuni? Walira mvula walira matope. Bokosi ndinalilirira ndine.

Titatsala awiri ndinayamba nzeru zanga. Ndinati tithyole masamba a mandimu tiike pakati pa mapepala. Ndinati ndili ndi paudala m'chikwama. Ndinati tikafike Loweruka masana abwana atapita, ndikawamwaze m'mashelefu osiyanasiyana, mwina fungo likagawanika. Aphunzitsi anandimvetsera mpaka ndinatha, kenako anapukusa mutu.

"Ndinakuitanani ndili ndi mantha, n'chifukwa chake ndinati abwana asadziwe. Koma ndaganiza. Kuthawa ndinathawa kale kamodzi, achemwali, ndipo kunandikwana. Tipitira limodzi ndikanene ndekha."

"Akatseka bokosi."

"Akatseka ndikawauza ana kuti latsekedwa. Koma sindingawaphunzitse ndi mabuku omwe ndinawapeza ponamiza mwini wake."

Ndinachita manyazi, ndipo sindinkachita manyazi kawirikawiri masiku amenewo.

Pobwerera pa lole tinavutika ndi makasitomala. Aliyense wokwera ankanunkhiza m'mwamba, kuyang'ana bokosi, n'kufunsa kuti kampango tikugulitsa bwanji. Bambo wina anakwiya ndithu, ati tikubisa nsomba kuti tikagulitse modula pa boma. Aphunzitsi anamutsegulira n'kumupatsa buku la masamu. Analinunkhiza, kulitembenuza, n'kulibweza mwaulemu.

Tinafika ku laibulale m'mawa wa tsiku lotsatira, azibambo a nyuzipepala ali m'malo mwawo. Tinasamba m'manja, ngakhale zinali zosathandiza. Tisanadutse n'komwe pakhomo, abwana anadzutsa mutu.

"Ndani walowa ndi ndiwo muno?"

Nyuzipepala zonse zinatsika. Tinaika bokosi patsogolo pa tebulo lawo, aphunzitsi n'kugwada kulitsegula. Kwa nthawi yoyamba chilowere ntchito, ine ndinatseka pakamwa. Aphunzitsi anafotokoza zonse, za funde, za mvumbi, za chuku, za uvuni, osawonjezera osachotsera. Anamaliza ndi kuti, "Olakwa ndine, bwana. Amayi aja anangondithandiza."

Abwana anatenga buku loyamba. Sanalinunkhize, panalibe chifukwa. Analitsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu, mpaka kumapeto. Anatenga lina, chimodzimodzi. M'chipinda monse munkangomveka kukhwekhwereza kwa mapepala ouma. Penapake ankapeza kaudzu koiwalika n'kukaika pambali. Atafika pa buku la mapu, linatseguka lokha patsamba la Mozambique. Kumpoto kwa dzikolo, kufupi ndi nyanja, pepala linali litada ndiponso kupyapyala.

"Apa si utsi," anatero.

"Ndi zala, bwana. Anthu amabwera kudzaloza kwawo."

Anakhala akuyang'ana tsambalo nthawi yaitali. Kenako anafunsa, osadzutsa mutu, kuti chuku chinayamba tsiku lachingati. Aphunzitsi anati lachitatu.

"Inde, chimayamba lachitatu," anatero abwana. "Lachisanu masamba amamatana. Ine ndinadikira dzuwa." Anatseka buku lija pang'onopang'ono. "Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Zaka zonsezi ndili pakati pa owamba nsomba, sindinaganizepo zowafunsa."

Ine mtima unayamba kutsika, koma ndinafulumira. Abwana anaimirira n'kubwezera nkhope yawo ya masiku onse.

"Komabe lamulo ndi lamulo. Mabuku awa sangakwere pashelefu yanga. Angandinunkhitsire laibulale yonse, amphaka a pa boma pano n'kusamukira muno. Ndikuwachotsa m'kaundula."

"Bwana!" lilime langa linadzuka.

"Achemwali, muno sitikuwa. Ndikuwachotsa kuno. Abwerere ku Makanjira akakhale komweko, kumene fungo limeneli silidabwitsa munthu. Ndipo malo okhala ndi mabuku makumi anayi akeake si bokosinso ayi, ndi nthambi. M'bokosimu ikanimo ena atsopano, koma ulendo uno muwakulunge m'pulasitiki."

Bambo wina wa nyuzipepala anawomba m'manja, abwana n'kumuyang'ana mpaka anasiya. Kenako anatsegula dirowa, kutulutsa fomu ija, n'kuiika patsogolo pa aphunzitsi pamodzi ndi cholembera chawo chomwe sankabwereka munthu. Aphunzitsi analemba dzina. Atafika pa keyala anaima.

"Lembani kuti Laibulale, Makanjira," anatero abwana. "Pa ntchito lembani kuti woyang'anira nthambi. Pa siginecha ya abwana a kuntchito mundisiyire, ndine ndemwe."

Anasaina, anadinda, ndipo khadilo ndinalemba ndine. Malipiro panalibe, onse ankadziwa. Aphunzitsi analilandira ndi manja awiri, kuliwerenga kawiri, n'kulimanga pamfundo ina, osati pamodzi ndi la ufa lija. Mpando wanga unapita basi, ndipo abwana anandipezera sitolu yolemala mwendo umodzi, ati kuti ndisamawodzere.

Nthambi ya ku Makanjira inayenda zaka zingapo. Amayi owamba nsomba anamanga okha shelefu ya nsungwi, ndipo ndinamva kuti mayi wamkulu uja ankauza mlendo aliyense kuti mabuku ofiirirawo ndi ake. Mwina n'zoona zomwe ankanena kuti chiswe sichinawakhudzepo, ine sindinakafufuze.

Nkhondo itatha, anthu anayamba kubwerera kwawo. Tsiku lina aphunzitsi anatulukira pakhomo, kusamba m'manja, kuvula nsapato, monga tsiku loyamba lija. Anati nthambi aisiya m'manja mwa mtsikana wina yemwe anamuphunzitsa okha pachisakasa paja. Anabweretsa kope lawo lomaliza ndi buku la mapu, ati pomaliza penipeni alibweze. Abwana, omwe tsopano tsitsi linali litayera, analikankhira kwa iwo.

"Limenelo ndinalichotsa kale m'kaundula. Mukalozere ana njira."

Panatsala chinthu chimodzi. Lamulo linkati munthu wosamuka m'boma lino abweze khadi, ndipo ine, amene ndinali nditakula n'kuyamba kukonda malamulo, ndinatambasula dzanja. Aphunzitsi anamasula mfundo n'kulitulutsa. Linali litafewa ndi thukuta, m'makona mutatha. Analigwira osandipatsa.

"Bwana, ndikupempha ndipite nalo ili. Makadi ena onse ndawabweza kwa eni ake ndipo sindikuwafunanso. Koma pa mapepala onse omwe ndinapatsidwa m'dziko muno, ili lokha ndi limene silinalembedwe kuti wothawa."

Ndinabweza dzanja langa. Abwana anatenga khadilo, kuliyala patebulo, n'kufufuza chidindo chawo. Anadinda deti latsopano kuti likhale logwirabe ntchito, kuuzira inki kuti iume, n'kulipereka kwa aphunzitsi ndi manja awiri.